Bahamontes: njala inamupatsa miyendo, koma inamuchepetsera maloto

Timakonda nkhani za anthu amene anachokera muumphawi n'kudzatchuka, ndipo nthawi zambiri timazimaliza ndi mawu akuti mavuto ndiwo anawaumba. Mbiri ya Federico Bahamontes, katswiri wa mpikisano wa njinga wa ku Spain amene ankadziwika ndi kukwera mapiri, ikusonyeza kuti mawu amenewa ndi oona mbali imodzi yokha.

Bahamontes anabadwa mu 1928 m'mudzi wina pafupi ndi mzinda wa Toledo. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1936, iye anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Nkhondoyo inatha mu 1939, koma njala inatsala. Boma la Francisco Franco linkagawa chakudya mochita kuyeza mpaka mu 1952, ndipo mabanja ambiri ankadalira malonda ozembetsa. Mnyamatayu ankagula zakudya m'midzi, n'kuzimangirira panjinga, n'kukagulitsa ku Toledo uku akuzemba apolisi. Toledo ndi mzinda womangidwa paphiri. Aliyense amene anaonapo munthu akulimbana ndi chitunda atasenzetsa njinga matumba a makala akudziwa mtundu wa miyendo imene ntchito yotere imapanga.

Mu 1954 analowa koyamba mu Tour de France, mpikisano wa milungu itatu wozungulira dziko la France. Mu mpikisanowu muli mphoto zingapo. Yaikulu imapita kwa amene watenga nthawi yochepa kwambiri masiku onse akaphatikizidwa, ndipo wotsogola amavala malaya achikasu. Palinso mphoto ya mapiri, ya munthu amene wasonkhanitsa mapointi ambiri pofika msanga pamwamba pa zitunda. Bahamontes anatenga mphoto ya mapiri chaka choyambacho, koma pa mndandanda waukulu anathera pa nambala 25.

M'chaka chomwecho munachitika chimene anthu amamukumbukira nacho mpaka lero. Atafika yekha pamwamba pa phiri la Romeyère, anatsika panjinga n'kuyamba kudya ayisikilimu. Iye anafotokoza pambuyo pake kuti masipoko anali atathyoka ndipo ankadikira galimoto ya timu yake. Komabe nkhaniyi inafala chifukwa inkagwirizana ndi mmene ankapikisanirana: mapointi ali pamwamba, za kuseri kwa phiri sizinkamukhudza kwenikweni, ndipo pamtsetse sankathamanga ngati anzake.

Ena amati chinali chibwana. Ine ndikuona masamu a munthu amene anagonapo ndi njala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mphoto ya mapiri inali ndalama yoti akhoza kuiwerengera. Malaya achikasu amafuna kuti usunge mphamvu, udalire anzako a mutimu, upirire milungu itatu, chonsecho ngozi imodzi ikhoza kukulanda zonse. Munthu amene wakula akudya za tsiku lomwelo sachedwa kusankha pakati pa ziwirizi.

Amene anamusintha maganizo ndi Fausto Coppi wa ku Italy, yemwe anali atapambana Tour de France mu 1949 ndi 1952. Coppi anamutengera kutimu yake ndipo anamulimbikitsa kuti alimbirane mphoto yaikulu. Mu 1959 Bahamontes anapambana gawo lokwera phiri la Puy de Dôme, limene aliyense amapalasa payekha molimbana ndi wotchi. Kenako anasiya gulu pamodzi ndi Charly Gaul pa ulendo wa ku Grenoble, n'kuvala malaya achikasu. Zinamuthandizanso kuti akatswiri a ku France, Jacques Anquetil ndi Roger Rivière, ankachitirana nsanje m'malo mogwirizana. Anafika ku Paris atasiya Henry Anglade ndi mphindi zinayi, nakhala munthu woyamba wa ku Spain kupambana mpikisanowu. Anali ndi zaka 31.

Tsiku lomaliza la mpikisanowo linali 18 July, tsiku limene boma la Franco linkakumbukira kuukira kwa asilikali kwa mu 1936. Ulamuliro umene unabadwa mu nkhondo imene inasautsa ubwana wake unapeza chonyadira mwa iye. Izi zimachitika kawirikawiri: pamene mwana akuvutika boma silioneka, akapambana limabwera ndi mbendera.

Chiwombankhanga cha ku Toledo, monga ankamutchulira, sichinapambanenso Tour de France. Mu 1963 anakhala wachiwiri, mu 1964 wachitatu, ndipo zaka zonse ziwiri wopambana anali Anquetil. Mphoto ya mapiri anaitenga kasanu ndi kamodzi, komanso anaitengapo ku Giro d'Italia ndi ku Vuelta a España. Anasiya mipikisano mu 1965, nakhala zaka zambiri akugulitsa njinga m'sitolo yake ku Toledo. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 95.

Funso limene mbiriyi imandisiyira ndi la zaka zisanu za pakati pa 1954 ndi 1959. Miyendo inalipo kale. Chimene chinachedwa ndi munthu woti amuuze kuti mphoto yaikuluyo ndi yakenso, komanso timu yoti imuthandize kuifikira. Tikamayamikira umphawi kuti umaumba ngwazi, tiziwerenganso zaka zimene umawadyera, ndi anyamata ena a ku Toledo amene anali ndi miyendo yomweyo koma sanakumane ndi Coppi.