Buledi wa M'matauni a Lilongwe: Kuchoka pa Mbaula Kufika pa Makina

Anzanga a m'gulu lino, mwina mwakaona kale pa Facebook kamakina kooneka ngati ndowa yamakona anayi kaja. Mumangothiramo fulawa, madzi, mchere, shuga ndi yisiti, basi, pakatha maola atatu kapena anayi buledi wapsa. Musanamasule pachikwama, tamvani kaye kumene buledi wathuyu wachokera.

Kadzutsa wa agogo athu anali phala, mbatata, chinangwa ndi chikondamoyo. Buledi anafala ndi ntchito yolembedwa. Likulu litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, anthu anakhamukira ku Kawale ndi ku Biwi, ena anapatsidwa mapuloti ku Area 23 ndi Area 25, pomwe Chinsapo ndi Mgona zinangokula mwa zokha. Bambo wolawirira ku Capital Hill kapena ku mafakitale a ku Kanengo analibe nthawi yodikira phala. Tiyi ndi buledi zinalowa m'malo. Nthawi ya Kamuzu, buledi wa Press Bakeries wogula mu PTC ankaonetsa kuti pakhomo palandiridwa, ndipo wopita kumudzi pa Khirisimasi osanyamula buledi ankachita manyazi.

Komatu amayi sanangokhala kudikira mwezi uthe. Anatenga poto, makala pansi, makala ena pa chivundikiro, n'kuphika masikono ndi zigumu. Ena anadula mgolo, ena anaumba uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba. Ana ambiri mwa inu munaphunzira ndi ndalama za m'beseni la mandasi. Pambuyo pake timabekale tam'makwalala tinachuluka, mpaka mabanzi anapatsidwa maina, Obama ndi Bin Laden. Mukuwakumbukira eti?

Chimene sichinasinthe m'zaka zonsezi ndi ichi: tirigu si wathu. Timalima pang'ono chabe m'madera ozizira ngati Tsangano ndi Neno, wambiri amachokera kunja, wogula ndi madola. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu February 2022, mtengo wa buledi unakwera mpaka pa okala ya ku Mgona. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri anabwerera ku mbatata.

Kamakina kaja kakufuna fulawa yemweyo, kuwonjezapo magetsi. Kanatulukira ku Japan, ndi kampani ya Matsushita yomwe lero timaitcha Panasonic, ndipo anakapangira nyumba zomwe magetsi sathimathima. Kuno simunaiwale za January 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akathima buledi ali pakati pofufuma, fulawa yense wapita.

Ndiye ngati mtima wagwa pa makinawa, sankhani ngati munthu wodziwa mbiri. Onani kuti alembapo 220 mpaka 240V. A pakaunjika ochokera ku America ena ndi a 110V, amapsa tsiku lomwelo. Ochokera ku Joni pulagi yake ndi yamano ozungulira, mufunika kusintha. Suzumirani m'kati ngati kachitsulo kokandira kalimo, poti kakasowa simukapeza msanga. Funsani ngati amapitiriza okha magetsi akangothima kamphindi. Chachikulu, akhale ndi batani lokanda chabe, kuti zikavuta mutulutse mtandawo n'kukamalizira pa mbaula monga ankachitira amayi. Kenaka tengani pensulo, muwerengetse fulawa, yisiti ndi mayunitsi a ESCOM, mufanizire ndi mtengo wa pagolosale. Buledi mmodzi pa maola anayi ndi wodya pakhomo, geni simungapange nayo.

Makinawo gulani ngati masamu akuvomera, koma mbaula musaitaye. Nanga kwanuko, ku Mzuzu, Zomba kapena Nsanje, buledi woyamba anafika bwanji? Tiuzeniko.