Unsembe ndi Ukwati m'Mbiri ya Eklezia

Akatekisiti athu amakumana ndi funso ili kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa achinyamata: bwanji ansembe athu sakwatira pamene abusa a mipingo ina ali ndi mabanja? Ena amayankha mwachangu kuti Mulungu adalamula chomwecho kuyambira pachiyambi. Yankho limeneli silolondola, ndipo mwana akadzawerenga yekha mbiri ya Eklezia adzayamba kukayika ngakhale zoona zina zimene tidamphunzitsa.

Tiyambe ndi Petro Woyera. Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko ukutiuza kuti Ambuye Yesu adachiritsa apongozi ake a Petro ku Kapernao, ndipo tonse tidziwa kuti munthu sakhala ndi apongozi popanda kukwatira. Kalata yoyamba ya kwa Timoteo imatchula episkopi wa mkazi mmodzi yekha, wodziwa kulera ana ake. Papa Hormisdas, amene adatsogolera Eklezia kuyambira 514 mpaka 523, adali ndi mwana dzina lake Silverius, yemwe nayenso adakhala Papa mu 536. Komabe tisaiwale kuti Ambuye mwini sadakwatire, ndipo Paulo Woyera adayamikira umbeta chifukwa umamasula mtima kuti utumikire Mulungu osagawikana. Njira zonse ziwirizi nzakale.

Lamulo lidadza pang'onopang'ono. Cha m'ma 306 aepiskopi a ku Spain, atasonkhana ku Elvira, adalamula kuti aepiskopi, ansembe ndi adikoni okwatira asakhalenso malo amodzi ndi akazi awo. Ambiri sadalisunge. Patapita zaka mazana asanu ndi awiri, ansembe ambiri a m'midzi ya ku Ulaya adali akukhalabe ndi akazi, ndipo minda ndi katundu wa tchalitchi zinkasanduka chuma chamasiye cha ana awo. Papa Gregory VII, kuyambira 1073, adalimbana ndi mchitidwe umenewu mwamphamvu, koma amene adautseka pakhomo ndi Msonkhano wachiwiri wa ku Lateran mu 1139, umene udagamula kuti ukwati wa munthu wodzozedwa kale suli ukwati konse. Msonkhano wa ku Trent udabwerezanso zomwezo mu 1563.

Kum'mawa zidayenda mwina. Msonkhano wa ku Trullo, mumzinda wa Constantinople, udalola mu 692 kuti ansembe ndi adikoni okwatira azikhala ndi akazi awo, koma aepiskopi akhale osakwatira. Mpaka lero Amaroniti a ku Lebanon ndi Akatolika a mwambo wa Chigriki ku Ukraine, amene ali pansi pa Papa monga ifeyo, ali ndi ansembe a mabanja, ndipo Ukaristia umene amapereka suchepa ndi pang'ono pomwe.

Apa tigwirepo bwino, pakuti ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kum'mawa ndi kumadzulo komwe, mwamuna wokwatira angathe kudzozedwa, koma wansembe wodzozedwa kale sakwatira. Mzere umenewu ndiwo adaulumpha Arkiepiskopi Emmanuel Milingo, amene adatsogolerapo Lusaka, pokwatira mu 2001. Mu 2006 adachotsedwa mu Eklezia atadzoza aepiskopi anayi okwatira popanda chilolezo cha Papa. Nkhani imeneyi idatipweteka ambiri a ife kuno, ndipo sitiikumbutsa kuti tinyoze munthu ayi.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican udavomera poyera mu 1965 kuti unsembe pawokha sufuna umbeta, koma udati umbeta ngwoyenerana kwambiri ndi unsembe. Mu 1967 Papa Paul VI adalimbikitsanso lamuloli, nabwezeretsa m'chaka chomwecho udikoni wokhazikika, umene amuna okwatira angalandire. Mu 1980 Papa John Paul II adalola kuti abusa okwatira a mpingo wa Anglican ku America olowa Chikatolika adzozedwe unsembe, ndipo Papa Benedict XVI adakulitsa khomo limeneli mu 2009.

Funso lolemera lidabuka mu 2019 pa Sinodi ya Amazon, dera limene akhristu ena amatha miyezi yambiri osaona Misa. Akatekisiti a m'matchalitchi athu akutali, amene amatsogolera mapemphero Lamulungu lililonse popanda wansembe, njala imeneyi akuidziwa. Aepiskopi adavomereza, 128 motsutsana ndi 41, kuti adikoni okhwima a mabanja okhazikika adzozedwe unsembe kumeneko. Papa Francis, m'kalata yake ya February 2020, sadalandire ganizoli; adapempha kuti tipempherere maitanidwe ndi kuti aepiskopi atumize amishonale ku Amazon.