Kukoma kwa Masika Kunachokera pa Kudikira

Mvula ikayamba kukata m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, m'midzi ya ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia mumanunkhira dowe wootcha. Ana amadzukira maungu otsala dzulo mumphika, amayi akutsuka mtedza wauwisi woti awiritse ndi makoko omwe, anyamata akubwera kumunda atasenza misale. Zinthu zimenezi n'zazing'ono, ndipo olemba mbiri sazilabadira kwenikweni. Koma tikazilondola bwino zimatisonyeza kuti kukoma kwa masika sikunachokere m'mbewu zokha. Kunachokera pa kudikira, ndipo makolo athu kudikirako anakusandutsa mwambo.

Masika amabwera pambuyo pa miyezi yowawa. Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ntchito yopalira ndi kubandira ili pachimake, ndipo ambiri amasiya minda yawo kukagwira ganyu kuti apeze kambale ka ufa kapena gaga. Zimenezi si za lero. Kafukufuku wa zakudya amene Dr B. S. Platt anatsogolera m'midzi ya m'boma la Kota Kota mu 1938 ndi 1939 anasonyeza kuti kadyedwe ka anthu kankakwera ndi kutsika motsatira nyengo. Munthu amene wakhala masabata akugonera nkhwani wopanda nsima, chimanga choyamba chootcha sachimva ngati chongotafuna podutsa. Amachimva ngati chipulumutso, ndipo n'chifukwa chake chitibu, ufa wa chimanga chosaumitsitsa umene nsima yake si yabwino kwenikweni, chimalandiridwa ndi manja awiri.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthu anjalawo sankathamangira kumunda aliyense payekha. Pakati pa Achewa, zipatso zoyamba za m'munda zinkayendera limodzi ndi nsembe yothokoza mizimu ndi Chauta. Kwa Angoni a Mpezeni lamulo linali lokhwima: mbewu zatsopano sizinkadyedwa mfumu isanalawe pa mwambo wa Nc'wala. Mwambowu unazilala Angelezi atagonjetsa Angoni mu 1898, ndipo unadzaukanso mu 1980. Mpaka lero umachitika ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale. Ena amaona lamulo lotere ngati njira yokweza ulemu wa mfumu basi. Ulemuwo unalipodi, koma lamulolo linkatetezanso munda. Mudzi ukayamba kuthyola chimanga chisanakhwime umadya nkhokwe yake ili m'munda, ndipo njala ya 2002 inationetsa zimenezi poyera: mabanja anadya chimanga chanthete, umbava wa m'minda unachuluka, ndipo ogwidwa ena analangidwa mwankhanza yosaneneka.

Pali amene amati zokoma za masika si zathu, pakuti chimanga, mtedza, maungu, mbatata ndi nyemba zonse zinachokera ku America, zinafika kuno kudzera m'malonda a Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500. Zimenezo n'zoona. Mbewu zakale za kuno zinali mapira, mawere, khobwe, nzama ndi mphonda. David Livingstone atadutsa kumapiri a Shire mu 1859 anapeza chimanga chikulimidwa pamodzi ndi mapira, ndipo chimanga chinadzalamulira minda yambiri m'zaka za m'ma 1900. Koma mfundoyi ikulimbikitsa zimene ndikunenazi. Mbewu zinasintha, koma kudikira, kuthokoza ndi kugawana zinakhalapobe, ndipo mbewu zachilendozo zinalowa m'dongosolo limene zinalipeza. Chimanga chinalandiridwa msanga mwa zina chifukwa chimadyeka chachiwisi mapira asanache, ndiye kuti chinafupikitsa njala ndi masabata angapo. Misale, imene ndi mtundu wa mapira, idakali m'mphepete mwa minda, kusonyeza kuti zakale ndi zatsopano zimadyedwa pa mphasa imodzi.

Kutsutsa kolemera kwambiri ndi kwa amene amati kutamanda masika n'kuphimba umphawi. Nthawi yokolola ndi yomwe mavenda amafika ndi masikelo awo m'midzi, mitengo ili pansi, mlimi n'kugulitsa chimanga chimene adzachigulenso modula mu Januwale. Sindikukana, ndipo n'zopweteka. Koma amene amanena zimenezi amaiwala kuti masika akale sanali kudya kokha. Pamene ana ankakhuta maungu, amayi ankafutsa nkhwani, chitambe ndi bowa, n'kuziyanika padzuwa, kenako kuzikulunga m'masamba a msuku kupanga zikwatu zopachika kudenga la khitchini kuti zidzakhale ndiwo m'chilimwe. Abambo ankaluka nkhokwe ndi kusanja mikukwe. Mlendo ankanyamulitsidwa dzungu kapena kalichero ka mtedza, pakuti kupatsa n'kuika. Chisangalalo ndi kukonzekera zinkachitika tsiku limodzi, pabwalo limodzi, ndipo mowa, zinamwali ndi gule zinkadikira mpaka zokolola zitalowa m'nkhokwe.

Masiku ano ulimi wothirira ndi wa m'madimba wachititsa kuti chimanga chootcha chizipezeka m'mphepete mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre pafupifupi chaka chonse. Zimenezi n'zabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angasilire njala kuti dowe azikoma. Komabe mabanja ambiri a kumudzi akudalirabe mvula imodzi pachaka, choncho kudikira sikunathe. Nthawi zina akuluakulu a boma ndi mafumu amaletsa kugulitsa chimanga chachiwisi cha kumunda mpaka chitauma, pofuna kuchepetsa umbava ndi kuteteza zokolola. Lamulo limene kale linkachokera pakachisi ndi pabwalo la mfumu tsopano limalengezedwa pawailesi, ndipo chifukwa chake n'chomwe chija.