Alikali ndi asidi: kodi nyama imawawasitsa magazi?

Mawu akuti "alikali", amene amamveka kawirikawiri pa nkhani za kadyedwe, anachokera ku Chiarabu, ku mawu akuti al-qali, kutanthauza phulusa la zomera, ndipo chitsanzo chake chapafupi ndi chidulo chimene amayi amatcheza ku phulusa kuti afewetsere therere. Chosemphana ndi alikali ndi "asidi", mawu ochokera ku Chilatini otanthauza chowawasa, monga madzi a mandimu kapena bwemba.

Mmalawi wogwira ntchito ku Doha, amene amadya shawarma kapena machboos, mpunga wophikira limodzi ndi nyama, m'malesitilanti a ku Umm Ghuwailina, akamva kutentha pachifuwa angaganize kuti nyama yamuthira asidi m'magazi, koma chimenecho ndi chilungulira chabe, chomwe chimadza asidi wa m'mimba akakwera kum'mero. Magazi sasinthasintha chisawawa, chifukwa mapapo ndi impso zimasunga pH, muyeso wa kuwawasa, pakati pa 7.35 ndi 7.45. Chimene nyama yambiri imawawasitsa ndi mkodzo, popeza impso zimatayira mmenemo asidi wochokera ku mapuloteni, pamene ndiwo zamasamba ndi zipatso zimamuchepetsa.