Dziko la Mfumu ndi Dziko Lopanda Mfumu

Maiko a pansi pano salamulidwa mofanana ai. Kwina munthu amalowa ufumu cifukwa ca kubadwa kwace, monga mwa Acewa mwana wa mlongo wa mfumu amalowa m'malo mwa atsibweni ace. Kwina anthu amasankha mtsogoleri kuti aweruze zaka zowerengeka, ndipo dziko lotere amati lipabuliki. Kwinanso munthu mmodzi amangolanda dziko ndi asilikari. Ine ndasankha kukuuzani mbiri ya England, popeza dzikolo linalawa zitatu zonsezi pa zaka 60 zokha.

Mfumu Charles I inali kukhulupirira kuti ufumu wace ngwocokera kwa Mulungu, kotero palibe munthu angaifunse mlandu. Kuyambira 1629 kufikira 1640 inaweruza yokha, osaitana Nyumba ya Malamulo, nisonkhetsa ndalama mwa kufuna kwace. Nkhondo inabuka mu 1642 pakati pa mfumu ndi Nyumbayo. Mfumu inagonja, ndipo pa 30 Januwale 1649 anaidula mutu mu London anthu akupenya.

Tsono England anakhala lipabuliki. Koma kodi anthu anapeza ufulu? Iai. Mkulu wa nkhondo, Oliver Cromwell, anabalalitsa Nyumba ya Malamulo ndi asilikari mu 1653. Dzina la ufumu analikana, koma mphamvu zace zinaposa za mfumu imene anaipha, ndipo atamwalira mu 1658 mwana wace Richard ndiye analowa m'malo. Anthu anatopa nazo, ndipo mu 1660 anaitana Charles II, mwana wa mfumu yophedwa ija, kuti adzatenge mpando wa atate wace.

Mlanduwo unatha mu 1689. Mfumu James II itathawa, William ndi Mary anapatsidwa ufumu atabvomera kuti sadzasonkhetsa msonkho kapena kuimitsa lamulo popanda Nyumba ya Malamulo. Mfumu inatsala, koma inakhala pansi pa lamulo.

Kwathu kuno taona zofanana. Zambia anakhala lipabuliki pa 24 Okutobala 1964, ndi Malawi pa 6 Julayi 1966. Komabe mu 1971 Dr. Banda anaikidwa kukhala Pulezidenti wa moyo wonse, ndipo mu 1972 Zambia analola cipani cimodzi cokha. Anthu anabwezeredwa mphamvu yao pamene Dr. Kaunda anagonja pa cisankho ca 1991, ndi Dr. Banda pa ca 1994.

Cifukwa cace ine nditi, pofuna kudziwa boma la dziko tisayambe ndi dzina la wolamulira. Tifunse ziwiri izi: ndani angamletse akalakwa, ndipo ndani angamcotse popanda kukhetsa mwazi? Makolo athu anadziwa ici, pakuti mfumu yabwino sinali kudula mlandu popanda nduna zace. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.