Sitolo za ku Mzimba ndi eni ake akutali

Ku Mzimba si zachilendo kupeza golosale yomwe mwini wake ali ku Johannesburg. Wogulitsa ndi mlamu wake kapena mwana wa mlongo wake, ndipo madzulo foni ikalira funso limakhala lomwelija: shuga watsala mabelo angati, nanga ndalama ya amene wagulidwa ili kuti?

Funso limeneli lidayamba kale. Kampani ya African Lakes, yomwe anthu adaitcha Mandala, idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo mabwana ake ankadziwa za nsalu, mchere ndi makasu a m'sitolo zawo kudzera m'mabuku a akalaliki basi. Angoni a M'mbelwa atalowa mu ulamuliro wa Britain mu 1904, msonkho udakakamiza amuna kukafuna ndalama ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Ndalama zija pobwera zidafuna pogulira, ndipo Amwenye adatsegula sitolo pa Boma ndi m'malo ena a malonda. Nawonso ambiri ankatenga katundu pangongole kwa abale awo a ku Limbe, choncho chilichonse chinkalembedwa. Nsalu ankaiyeza ndi ndodo pa kauntala, ndipo mpukutu ukatha msanga kusiyana ndi zomwe buku likunena, wogulitsa ankadziwa kuti ntchito yamuthera.

M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuchoka kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda yokha. Sitolo zidatsala m'manja mwa Amalawi, ambiri a iwo opanda mpamba wokwanira ngakhale luso losunga mabuku. Zina zidasanduka mabwinja. Amene adapirira ankaoda katundu ku Chipiku, pomwe PTC, sitolo ya kampani ya Press yomwe idatsegulidwa mu 1973, ndiyo idazolowetsa Amalawi ambiri kudzitengera okha katundu pa shelefu n'kukalipira pa tilu.

Koma ku Jenda, ku Embangweni kapena ku Edingeni, chida chachikulu chidakhalabe kope la ana asukulu. Kutsogolo kwake ankalemba katundu wobwera, kumbuyo mayina a aphunzitsi odikira malipiro a kutha kwa mwezi. Tsiku lowerengera katundu chitseko chinkatsekedwa, sopo n'kutsitsidwa pansi mmodzimmodzi, wina akuwerenga mokweza wina akuchonga ndi bolopeni. Kope silinama, ankatero eni ake, kuiwala kuti silidziwa za paketi ya mchere yomwe mayi a m'nyumba adatenga m'mawa ndiwo zili pamoto.

Kunja zinthu zinali zitasintha. Mu 1974, ku Troy m'chigawo cha Ohio ku America, sitolo ina idagulitsa koyamba katundu pomuwalitsa ndi makina owerenga timizere takuda tosindikizidwa pa katundu. Ubwino wake ndi woti kugulitsa ndi kuchotsera zimachitikira pamodzi: botolo la mafuta ophikira likadutsa pa tilu, nambala ya otsala imatsika pompo, ndipo akatsala ochepa kompyuta imachenjeza.

Kuno makina adabwera ndi wamsonkho. Mu 2014 bungwe la MRA lidayamba kulamula amalonda olembetsa VAT kugwiritsa ntchito timakina ta EFD totulutsa malisiti, ndipo ambiri adatiwona ngati kazitape wa boma, osati wowathandiza. Airtel Money ndi Mpamba ndizo zidalandiridwa ndi manja awiri, chifukwa ndalama yolowa pa foni imasiya chizindikiro chomwe mwini wake angachifunse ali kutali. Achinyamata ambiri a ku Mzimba agwirapo ntchito m'mashopu a ku South Africa, ndipo za tilu ya kompyuta adaziwonera komweko.

Chomwe chidaonetsa poyera kufooka kwa kope ndi kugwa kwa kwacha. Mu November 2023 mphamvu yake idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo wogulitsa wosadziwa mtengo umene adaodera katoni iliyonse ankagulitsa mosangalala, n'kukapeza ku holoselo kuti ndalama yonse ija sikukwana kubwezeretsa mashelefu.

Ngakhale zili choncho, makina amafuna magetsi, ndipo magetsi amathima. Amafunanso katundu wokhala ndi timizere, pomwe shuga wa m'golosale zambiri amamangidwa m'timapepala ta pulasitiki, mafuta n'kumayezedwa ndi kachibekete. Tomato ndi mbatatesi za pamsewu wa M1 pa Jenda zikugulitsidwabe pa mulu ndi pa ndowa, ndipo amayi ogulitsawo amasunga kuwerengera konse m'mutu, ndalama ili pa mfundo ya chitenje.