MBIRI YA USODZI M'TIMITSINJE TA KU ZEMBA

Pamene tasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndi bwino tikumbutsane kuti dzina loti Gawa litanthauza wogawa dziko. Pamene Undi anali kugawira mafumu ake malo kuchokera ku likulu lake lakale la Mano, sanawapatse minda ndi nkhalango zokha ayi, koma madambo, maiwe ndi timitsinje tomwe. Wolandira dziko analandiranso udindo wosunga madzi ake. Nkhani ino ikunena za udindo umenewo monga momwe unali kusungidwira kwathu ku Zemba, m'boma la Chadiza.

Ife a ku Zemba tilibe nyanja ngati abale athu a ku Malawi, ndiponso tili kutali ndi Luangwa. Chuma chathu cha m'madzi ndi timitsinje timene timasefukira m'dzinja ndi kusanduka maiwe m'chilimwe. Koma timitsinje tomweto tinalera mibadwo ndi matemba, milamba ndi nkhanu, makamaka pa nyengo imene ndiwo zina zinali kusowa.

KAGWIRIDWE KA MAKOLO

Njira zogwirira nsomba zinali kutsata nyengo. Madzi akayamba kutsika pakutha pa mvula, amuna anali kumanga biyo, ndiye kuti mpanda wa mitengo ndi udzu wopingasa mtsinje, natcheramo miono yolukidwa ndi bango kapena nsungwi. Anyamata anali kuwedza ndi mbedza, nyambo yake nyongolotsi. Dzuwa likafika poswa mtengo, amayi ndi atsikana anali kutseka dziwe ndi matope, nakapa madzi mpaka milamba itaonekera m'thope.

Ntchito zonsezi zinali ndi malamulo, ngakhale kuti sanalembedwe pa pepala. Malo a biyo anali ndi mwini wake, ndipo anali kukhala m'manja mwa mbumba imodzi mibadwo ndi mibadwo. Wovuula mono wa mnzake anali wakuba monga wolowa m'nkhokwe ya mwini, ndipo mlandu wake unali kukambidwa pabwalo. Mlendo sanali kuponya mbedza asanaonekere kwa nyakwawa. Dziwe lalikulu silinali kukapidwa ndi banja limodzi. Mfumu ndiyo inali kutchula tsiku, mudzi wonse nupita pamodzi, ndipo nsomba zina zinali kupatulidwa kukhala mtulo, zinanso za nkhalamba zosatha kuyenda.

Katupe, mankhwala oledzeretsa nsomba, makolo anali kumudziwa, koma munthu sanali kumuthira mwa yekha, pakuti madzi omwewo ndiwo anali kumwa anthu ndi ziweto za kumunsi. Kunalinso maiwe a mizimu amene munthu sanali kuyerekeza kugwiramo kanthu. Tikaganizira bwino lero, tiona kuti maiwe oterewa ndiwo anali kusunga mbewu ya nsomba. Mvula ikabwera, zinali kutulukamo ndi kudzazanso mtsinje wonse.

MALAMULO A BOMA

Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana m'chaka cha 1891 anadula dziko la Undi, koma sanathe kudula madzi. Madzi saiwala khwawa: mpaka lero a kuno kwathu amatsikira ku Mozambique pa ulendo wawo wa ku Zambezi, kotero kuti woononga kumtunda amalanga mbale wake wa kutsidya. Mu ulamuliro wa atsamunda mphamvu za mafumu zinachepa, ndipo mwambo wa Kulamba unaletsedwa m'chaka cha 1934. Unadzaukanso mu 1984, pa nthawi ya Kalonga Gawa Undi wa Khumi.

Titalandira ufulu mu 1964, boma linakhazikitsa lamulo la za nsomba mu 1974, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2011. Lamuloli liletsa kupha nsomba ndi poizoni, mabomba kapena magetsi, ndipo lipatsa boma mphamvu zoletsa maukonde a maso aang'ono. Chaka ndi chaka usodzi umatsekedwa m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, chifukwa imeneyi ndiyo miyezi imene nsomba zimakwera ndi madzi atsopano kukaswana m'madambo. Wogwira mlamba umodzi wa mazira pa nthawi imeneyi wapha nsomba zosawerengeka za chaka cha mawa.

ZIMENE ZATIONEKERA

Akulu akulu a ku Zemba adzatichitira umboni kuti maiwe ambiri amene tinali kusambamo tili ana anakwiririka ndi mchenga. Madimba afika m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo mikuyu ndi bango zimene zinali kugwira nthaka zinatha. Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinapeza timitsinje tathu tilibe pobisa madzi. Ena asandutsa maneti otetezera udzudzu kukhala makoka, nasesa ndi tiana tomwe. Enanso, m'malo mwa katupe, amathira mankhwala a thonje, amene amapha chule, nkhanu ndi mbuzi yodzamwa madzi, osanena za mwana wodzadya nsombazo.

Ogwira ntchito za boma oyang'anira nsomba ndi owerengeka, ndipo sangalonde kamtsinje kali konse usiku ndi usana. Koma palibe dziwe lopanda nyakwawa, ndipo palibe wothira mankhwala amene mudzi sumudziwa. Lamulo la 2011 lipatsa malo anthu a m'midzi ndi oimira mafumu m'makomiti osamalira nsomba; potero boma lavomereza chimene makolo athu anadziwa kale, kuti mlonda wa mtsinje ndi amene amamwa madzi ake.

Pa Kulamba mfumu ili yonse imafotokozera Kalonga za moyo wa anthu ake: zokolola, matenda ndi mtendere. Pempho lathu kwa mafumu athu a ku Chadiza, a Mwangala, a Zingalume ndi a Mlolo, ndi lakuti pa mawu amenewo pasasowe za mitsinje. Nyakwawa zitchulenso maiwe osagwiramo, zilengeze miyezi yotseka, ndipo ziweruze wosesa ndi neti monga zinali kuweruzira wakuba mono. Tikatero, adzukulu athu adzadziwa kukoma kwa matemba a kwawo osati a kumsika okha.

Yooh Gawa!